Wopala Zitseko za Pamchenga

Ntchito ya a Kalipentala inali kupala zitseko. Osati kukhoma mipando kapena kuyala denga, ayi, kupala zitseko basi. Luso lonse limene anaphunzira paunyamata linathera pa puleni imodzi ndi pensulo ya kukhutu, ndipo inawachititsa zimenezi ndi kampani yomwe inamanga nyumba m'mphepete mwa nyanja.

Malowo kale anali dambo lamatope lokhala nkhanu. Kampani inabwera ndi malole, n'kuthira mchenga, n'kusalaza, n'kundandalika nyumba zoyera mbee. Mitengo imene inkatchinga mafunde anaidula kuti ogula aziona madzi ali pakhonde. Madziwo nawo sanachedwe kubweza ulendo: chaka ndi chaka nyanja inkaluma gombe n'kumayandikira.

Pansi napo sipankagona tulo. Kukachita kachivomezi, kongogwedeza makapu m'kabati, zitseko zinkayamba kukana kutseka. Apo kapitawo wa kampani ankaitana a Kalipentala.

"Kapaleni, madala. Eni nyumba akafunsa muwauze kuti thabwa lafufuma ndi chinyezi cha kunyanja."

Iwo ankapaladi, ndipo ankanenadi choncho. Koma munthu amene wakalambira pamatabwa thabwa lofufuma amalidziwa: limagwira paliponse, dzuwa likawala limabwerera mwakale. Zitseko izi zinkagwira pakona imodzi yokha, kwinaku kukutseguka mpata wolowa chala. Chitseko sichinkakula, nyumba ndi imene inkapendekeka. Ankadziwa bwinobwino, koma mbuzi imadya pomwe aimangirira, ndipo kampani inawamangirira pamsipu wosauma.

M'nyumba yakumapeto, yoyandikana kwambiri ndi madzi, munkakhala mwana wawo yekhayo, namwino, ndi mwamuna wake ndi kamtsikana kawo. Mayi a namwinoyo anamwalira iye ali wamng'ono, moti anakulira pabenchi ya bambo ake akuseweretsa utuchi. Mawu a bambowo kwa iye anali lamulo.

Tsiku lina a Kalipentala akupala chitseko chake, namwinoyo anaima pambali atagwira chikolopa.

"Ababa, ndikamakolopa madzi onse akumathamangira kukona imodzi. Kuchipinda kwa mwana kwabwera mng'alu. Akamwini anu akuti tisamuke, tikapeze nyumba kumtunda. Inu mukuona bwanji?"

Puleni inaima. Mwana wa kalipentala akathawa, oyandikana naye afunsa chifukwa, ndipo mzere wonse ukadziwa, zitseko zopala zitha. Anapemerera utuchi pathabwa kuti asamuyang'ane kumaso.

"Amayi, ndi chinyezi chabe. Ine matabwa ndinayamba kugwira inu musanabadwe. Akamwiniwo amaopa ndi chithunzithunzi chawo chomwe."

Mwanayo anaseka, mtima unakhala pansi, ndipo sanasamuke. Chitsekocho a Kalipentala anachipala mwachikondi kuposa zonse, anathira mafuta m'mahinjesi, n'kuchipaka vanishi, ngati kuti zimenezo zingagwire nthaka.

Amati tsoka silinunkha. Ili linkanunkha utuchi kwa zaka, ndipo mwini mphuno ankangoyang'ana kumbali. Chivomezi chenicheni chinabwera masana dzuwa lili paliwombo. Mchenga wothira uja unasungunuka n'kukhala ngati phala, madzi akuda akutumphuka pabwalo. Nyumba yakumapeto inagwada molozera kunyanja, khoma la mng'alu lija n'kugwera pabedi pomwe kamtsikana kanagona. Anakatulutsa kamoyo, koma mwendo wake sudzathamanganso.

Kampani inati zimenezi n'zachilengedwe, palibe wolimbana ndi Mulungu. Kapitawo sanaonekenso. Pamabwinja panatsala felemu ndi chitseko chake chili chilili, ndipo odutsa ankachikankha ndi chala chimodzi n'kumayamikira kuti amene anachipala ndi katswiri.

Pakhonde la chipatala namwino anafunsa funso limodzi lokha.

"Ababa, munkadziwa?"

"Ine sindinapalamule, amayi. Ndinkangopala."

Namwinoyo sanakuwe, sanalire. Anangowayang'ana ngati akuona mlendo, n'kubwerera kwa mwana wake.

Banjalo linasamukira kumtunda, m'kanyumba ka lendi. Patapita miyezi a Kalipentala analimba mtima n'kupita kukazonda mdzukulu, chikwama cha zida chili paphewa monga mwa chizolowezi. Atagogoda, namwino analimbana ndi chitseko kuti chitseguke, chikukhula simenti mokwiyitsa. Kumbuyo kwake a Kalipentala anaona kamtsikana kaja katatsamira ndodo. Manja a nkhalambayo, osadziwa chochita, anapita okha m'chikwama n'kutulutsa puleni.

"Amayi, ndingochipala pang'ono pansipa."

"Chisiyeni, ababa. Chimenechi chimanena zoona."

Anachikankha ndi phewa mpaka chinatsekeka, iwo ali panja.