Tsiku limene a Elson anakumbukira kuti ndi mkamwini

A Millie Namakhwa anathyola tiyi mpaka zala zinakhakhala. Zaka zonsezo ankakhala m'nyumba ya kampani, yokhala ndi nambala pachitseko, dzina ayi. Ngakhale kukhoma msomali kunkafuna chilolezo. Koma kanthu n'khama. Atapuma ntchito anamanga yawo yamalata pamalo a malemu amayi awo, kufupi ndi Mulanje Mission, kutsogolo n'kuikako kachipinda kogulitsiramo nanazi.

Vuto linali amuna awo, a Elson. Munthu wabwino ndithu, koma pakamwa! Njerwa anaumba ndi a Millie, malata anagula ndi a Millie, koma kubawo nyimbo inali "nyumba yanga." A Millie ankangoseka, ngakhale mumtima zinkawapweteka.

Kenaka kunamveka kuti a khonsolo akuyeza nyumba kuti adziwe msonkho wa iliyonse. Anansi anasauka tsiku lomwelo. Wina anaimitsa pulasitala, wina golosale yake anaitcha khola la nkhuku. A Millie okha anapaka laimu n'kukolopa khonde. Ankafuna chinthu chimodzi, kuti nyumbayo ilembedwe m'dzina lawo. Nkhawa yawo inali yoti alendo amakonda kufunsa abambo.

Woyezayo, a Harold, atapinda tepi yawo anatembenukiradi kwa a Elson, amene anali atavala jekete dzuwa likuswa mtengo.

"Eni nyumba ndinu, bambo?"

"Mukuonanso wina?" anatero a Elson, chifuwa patsogolo.



"Chabwino," anatero a Harold. "Ndiye bilu ya msonkho izibwera kwa inu chaka ndi chaka."

A Elson anatsokomola, nayang'ana kuphiri ngati kuli wowaitana.

"Pepani achimwene, tisaphwanye mwambo. Kuno ine ndine mkamwini, ndinabwera ndi bulangete lokha. Zonsezi n'za mayiwa."

"Ndi khonde lomwe?" anafunsa a Millie.

"Ndi khonde lomwe, mayi."

Mpaka lero anansi amapita kukalipira akung'ung'udza, pomwe a Millie amapita atavala chitenje chatsopano. Koma chimwemwe chenicheni chinali tsiku limene bilu yoyamba inafika. Anaipereka kwa amuna awo.

"Tandiwerengereni dzina la mwini nyumba, bambo. Maso angawa atha."

Masowo ankalowetsa ulusi m'singano popanda vuto.

"Millie Namakhwa," anatero a Elson chapansipansi.

"Ati? Makutunso atha. Kwezani mawu."