Bafuta wa pashelefu yapamwamba

Ntchito yanga yoyamba anandipezera ndi azakhali anga a ku Nathenje. Nditalemba mayeso a Fomu 4 ndinkangokhala pakhomo, foni m'manja, mpaka anatopa nane. Anandikweza minibasi n'kukandisiya kwa mnzawo, Mayi Nabanda, amene anali ndi sitolo ya nsalu pa Mitundu.

Mayi Nabanda anali ovuta, koma ntchito ankaidziwa. Anandiphunzitsa kuyeza ndi ndodo ya mita osakoka nsalu, kudula pang'ono ndi sizasi m'mphepete, kenaka kung'amba kamodzi kuti ulusi uwongoke. Pashelefu yapamwamba pankakhala mpukutu wa bafuta, nsalu yoyera yokulungira maliro, utakutidwa ndi pepala.

"Ameneyo sitiyalira anthu," anatero. "Womufuna umamuona pankhope asanalankhule."

Kenaka malonda anasamukira pafoni. Aphunzitsi ndi anamwino, omwe ankatidyetsa, anayamba kusankha zitenje pazithunzi za amalonda a mu Lilongwe, katundu n'kumabwera paminibasi. Tinkakhala tsiku lonse tikuingitsa ntchentche. Nafe tinayamba kujambula nsalu zathu, ndipo zinayendadi. Posakhalitsa sitolo tinkatsegula tsiku lamsika lokha, masiku ena ine n'kumayankha mauthenga ndili kunyumba. Koma bafuta ungamujambule bwanji? Kumuika pafoni kunali ngati kuitana zovuta pamakomo a anthu. Mpukutu utatha, palibe anakumbukira kuoda wina.

Tsiku lina m'mawa mayi wogulitsa mandasi pafupi ndi sitolo anandiimbira kuti pakhomo pali munthu amene sakuchoka. Ndinapeza bambo wina atakhala pakhonde, njinga atayedzamiritsa kukhoma, miyendo ili fumbi lokhalokha. Anachokera kumidzi ya kufupi ndi Dzalanyama. Nditawaona pankhope, ndinadziwa.

"Pepani, bambo," ndinatero.

"Zikomo. Ndimafuna yoyera ija. Ya amayi anga ndinagula m'sitolo momuno. Sikhala yaitali, ndi kamwana."

Ndinatsegula, n'kukwera pampando, ngakhale ndinkadziwa kuti pamwambapo patsala pepala lokha. Ndinathamanga m'masitolo ena a nsalu. Ina inali itasanduka yogulitsa mowa, ina yotseka. Nditabwerera ndinatsitsa chitenje choyera chokhala ndi timaluwa. Anapukusa mutu.

"Amake sangavomere maluwa."

Choyera chenicheni chimene chinatsala chinali nsalu yosokera malaya a yunifolomu. Ndinayeza, n'kudula, n'kung'amba. Phokoso la kung'ambako linamveka kwambiri m'sitolo yopanda anthuyo. Bambo aja anaisisita ndi zala.

"Iyi si ya malaya a sukulu?"

"Ndi yomweyo, bambo."

"Amayenera kuyamba chaka cha mawa," anatero. Anaipinda bwinobwino, n'kuimanga pakaliyala, n'kumapita akukankha njinga.

Dzina lawo sindinafunse, ndipo sindinawaonenso.

Panopa Mayi Nabanda anapuma, sitoloyo ndikuyendetsa ine. Malonda ambiri amachitikira pafoni, sindingakane, koma ndimatsegula tsiku lililonse, ndipo anzanga amandiseka kuti ndikulondera chipinda chopanda makasitomala. Aziseka. Ndinaphunzira kuti foni imagulitsa zimene anthu amasirira, koma pali zina zimene munthu amadzagula ali ndi misozi, osatha n'kuzitchula komwe. Munthu wotere amafunika apeze chitseko chotsegula, mkati muli munthu.