Mayi Ndembo ndi Njinga Yosayenda

Pa 14 Ogasiti 1987, Bungwe Lothandiza Ofa Ziwalo, nthambi ya Mangochi, lidalengeza kwa anthu onse kuti matayala a njinga yake ya olumala apopedwa. Chikalatacho chidakhomedwa pachitseko cha ofesi chili ndi zidindo ziwiri, ndipo chidathokoza onse amene adatengapo mbali pa ntchito yaikuluyi, kuphatikizapo mwini pampu. Pansi pake padasaina wogwirizira mpando, Mayi Enid Ndembo a ku Malindi. Amene ankawadziwa mayiwa atawerenga adangoyang'anana.

Mayi Ndembo sadakulire m'maofesi. Adali akazi awo a Andreya Ndembo, mmisiri wokhoma maboti, amene tsiku lina mu 1981 adagwa hamala ili m'manja, nadzuka mbali yakumanja itafa, lilime litalemera. Kuchipatala adawapatsa mapiritsi ndi mawu olimbikitsa. Zotsalazo mayiwo adaphunzira okha: kusisita mkono ndi mafuta a nsatsi, kuwongola zala chimodzichimodzi, kuimiritsa munthu wamkulu pomugwiritsa nkhafi m'malo mwa ndodo. Mbiri itamveka, anthu adayamba kubwera nawo odwala awo, ena pamachila, ena pamsana. Khonde lawo lidasanduka chipatala chopanda dzina.

Chinthu chopanda dzina masiku amenewo chinkawasowetsa mtendere akuluakulu. Choncho khondelo lidapatsidwa dzina, chidindo, kachipinda ku boma, ndi wapampando. Wapampandoyo adali a Oswald Chikwenga, kalaliki wopuma pantchito, munthu wa tayi ndi baji ya chipani, amene adali asadagwirepo mkono wakufa koma ankatha kulankhula za mkonowo ola lathunthu. Mayi Ndembo adapatsidwa udindo wa Mkulu Wopempha Thandizo, Woyang'anira Ongodzipereka ndi Wofalitsa Uthenga. Malipiro ake adali kuthokozedwa pamsonkhano wapachaka, nthawi ikakhalapo.

Ntchitoyo adaigwiradi. Adatsogolera ulendo wa ndawala kuchokera ku Malindi mpaka ku boma, wapampando akuwatsata pagalimoto. Adakwera matola kupita ku Katuli ndi ku Chiponde kukauza anthu kuti wofa ziwalo sadalodzedwe, asamutsekere m'nyumba. Kutchalitchi ankalankhula okha. Kwa amayi a kumzikiti ankawalankhulira mnzawo Abiti Wadi, wogulitsa usipa pamsika, amene Chiyao chake chinkatsegula makomo amene zidindo zinkalephera. Ku Nkopola adaima pazipata za mahotela kufikira mlendo wina, kaya ndi chifundo kaya ndi kutopa nawo, adatumiza njinga ya olumala imodzi, yonyezimira. Komiti idagwirizana kuti woyamba kuikwera akhale a Andreya. Iwowo sankafuna kupita kutali. Kuchokera pakhomo pawo kufika pagombe, pamene padakhala boti lawo losatha kukhoma, adali mapazi mazana awiri okha.

Koma njinga siiperekedwa ngati usipa. Padafunika mwambo, msasa, magule ndi mlendo wolemekezeka wochokera ku Blantyre. Tsikulo, mu Julaye 1982, a Andreya adawakhazika panjingapo, kutsogolo kwenikweni, atavala jekete la paukwati wawo. Mlendo adalankhula, akupuma pamalo onse oyenera kuti anthu awombe m'manja. Anthu adawomba. A Andreya, amene dzanja adali nalo limodzi, ankamenya pantchafu ndi lakumanzerelo, mokhulupirika ndithu. Mlendoyo adawaona kachiwiri, kachitatu, kenaka adatsitsa pepala.

"Kodi bambo awo sakukondwa ndi zimene zikuwachitikira?"

Funso lotere m'zaka zimenezo linkatha kumutengera munthu kumene makalata safika. A Chikwenga adafunafuna pothawira, napeza kuti pafupi kwambiri ndi pamsana pa munthu wosatha kuyankha.

"Ngamwano amenewo, bwana, kuyambira kale. Tithana nazo."

Adathana nazo madzulo omwewo. Padalembedwa Lamulo 9: wolandira thandizo aonetse kuyamika powomba m'manja pamaso pa mlendo wolemekezeka, wosatero achotsedwe pamndandanda. Popeza pafupifupi onse a pamndandandapo adali a dzanja limodzi, lamuloli lidathetseratu vuto la kagawidwe ka njinga. A Andreya adabwerera ku Malindi atagonekedwa pamatumba a nsomba zouma mu lole. Adamwalira dzinja lotsatira, botilo asadalionenso.

Aliyense ankayembekezera kuti Mayi Ndembo atula pansi maudindo awo atatu. Sadatule ngakhale umodzi, ndipo malamulo a bungwelo adawaloweza onse. Msonkhano uliwonse ankafika oyamba, kukhala moyang'anana ndi wapampando, ndi kuwomba m'manja mokweza kuposa wina aliyense, maso ali gwa pa dzanja lamanja la a Chikwenga. Loweruka lililonse ankapukuta njinga ija fumbi. Abiti Wadi adawauza kangapo kuti mkwiyo wotere umadya mwini wake, azisiye m'manja mwa Mulungu. Mayi Ndembo ankayankha kuti adazisiya kalekale m'manja mwa Mulungu, iwo akungofuna kudzakhalapo tsikulo.

Tsikulo lidafika mu Meyi 1987. A Chikwenga adagwa ali pakati podinda kalata, nadzuka mbali yakumanja itafa, pakamwa patapotoka. Mpando udagwera Mayi Ndembo, popeza ena onse a mukomiti ankaopa kusaina chinthu. Patapita miyezi itatu, kudabwera akazi awo a Chikwenga, a Jestina, atafunda chitenje mpaka kumutu. Adagwada pakhomo pa ofesi, nanena motsitsa mawu kuti bambo sakutha kufika ngakhale kuchimbudzi, ndipo njinga ingokhala. Mayi Ndembo adawadzutsa, kuwapatsa mpando ndi madzi akumwa, nawalonjeza kuti zonse zichitika mwadongosolo, monga momwe bambowo ankakondera. Mpamene matayala adapopedwa.

Msasa udamangidwa pamalo omwe aja. Kudabwera mlendo wolemekezeka wina, wamng'onoko msinkhu koma wa mawu omwewo. A Chikwenga adawakhazika panjinga, kutsogolo kwenikweni, atawamanga tayi. Mayi Ndembo ndiwo adawongola baji pachifuwa pawo. Mlendo adalonjeza kuti chaka chisadathe nthambi ya Mangochi ilandira njinga makumi atatu, ndipo palibe wofa ziwalo amene adzakwawenso m'boma lino. Anthu adawomba m'manja. A Chikwenga adayesa kukoka dzanja lakufalo ndi lamoyo, lidatsetsereka. Adayesanso, thukuta likutsikira mukolala. Potsiriza adachita chokhacho chimene chidatsala: adayamba kumenya pantchafu.

Mayi Ndembo adamvetsera kaphokosoko bwinobwino. Adali atakadikira zaka zisanu.

Mlendo adatsitsa pepala, nafunsa ngati bambo akutsogolowo ali ndi dandaulo. Abiti Wadi adawagwira chitenje anzawo. Mawu aja a 1982 adali nawo pakamwa Mayi Ndembo, athunthu, ndipo ankadziwa kumene akadamutengera munthu. Maso a a Chikwenga nawonso ankadziwa.

"Ayi, bwana, awa alibe mwano," adatero mayiwo mwaulemu wonse. "Awa ndi amene adatilembera malamulo athu. Sangalole kuti tiphwanye ndi limodzi lomwe chifukwa cha iwo."

Atatero adatsegula buku, nawerenga Lamulo 9 pang'onopang'ono, ndi dzina la amene adasaina. Mlendo adayamikira nthambi ya Mangochi chifukwa chosunga mwambo. Anthu adawombanso m'manja. Amuna awiri adawanyamula a Chikwenga kuwachotsa panjingapo, ndipo lole imene idapezeka yopita kwawo idali ya nsomba.

Amene ankaganiza kuti zathera pomwepo sankawadziwa Mayi Ndembo. Lachitatu lotsatira adatulukira kwa a Chikwenga ndi botolo la mafuta a nsatsi. Wofa ziwalo aliyense ankamuyendera, ndipo awa sakadawadumpha. Ankasisita mkonowo mwaluso lawo lonse, mwina ndi mphamvu yopitirirako pang'ono, kuwongola zala chimodzichimodzi, osajomba ngakhale kugwe mvula. A Jestina ankauza anthu kuti sadaonepo mtima wabwino chotere. Pomaliza mayiwo ankawerama, nanena m'khutu mwa wodwala wawo:

"Limbikirani, a tcheya. Tsiku limene mudzawombe m'manja, njinga ndi yanu."

A Chikwenga adalimbikira zaka zitatu. Chala chachikulu chidayamba kugwedera mu 1990, mwezi umene adamwalira.

Nthambiyo idatsekedwa mu 1993. Pokonza kachipinda kaja adapezamo zidindo ziwiri, buku la malamulo, ndi njinga ya olumala imodzi, matayala ake akadali ndi timinga ta kufakitale.