Masamba Atatu Amene Isake Sanaganizire

Inu amene mukuti zanu zatha, tamvani za Isake.

M'chaka cha 1978, Isake anapatsidwa mwezi umodzi woti atuluke m'nyumba ya kampani pa esiteti ina ya tiyi ku Mulanje. Anali atalephera JC kawiri. Ntchito yokhayo imene ankaidziwa, yoyeza mvula ndi kuika timadontho pa pepala la timabokosi, inali itapatsidwa kwa wina wa satifiketi. Mkazi wake Joice anali woyembekezera, ndipo kwawo ku Limbuli analibe ngakhale kamunda.

Bwana wa esitetiyo, mzungu wa maso ofooka, anali ndi masheya m'kampani ina ya magetsi ya kunja. Mitengo yake inkabwera m'nyuzipepala za pandege, mtolo umodzi pa milungu iwiri.

"Uzindijambulira mtengowu ngati mvula ija," anatero bwanayo. "Ukaona chimene ine sindikuchiona, sutuluka m'nyumbamo."

Isake anafukula nyuzipepala za chaka chonse nayamba kudontheza, tsiku lililonse kadontho kake. Posakhalitsa anaona chinthu. Mtengo ukatsika kufika pa 80 unkanjanja ngati mpira n'kukweranso. Unatero katatu. Iye analemba mzere ndi rula pamenepo, nautcha pansi. Koma kukwera kulikonse kunkachepa poyerekeza ndi kwam'mbuyo, ndipo tsopano mtengo unali kutsika kachinayi.

Lolemba lina, mu mtolo watsopano munasowa masamba a masiku atatu otsiriza. Bwana ankafuna yankho asanapite ku positi masana omwewo.

Mtima unamunong'oneza Isake kuti angodonthezapo za m'mutu. Unanjanja katatu, ulekerenji kachinayi? Adziwa ndani? Anagwira pensulo, kenaka anaiika pansi. Anakumbukira kuti pepala la pandege ndi lopyapyala, lokoma kupichira fodya. Anathamangira ku geti kwa mlonda, a Moffat.

"A Moffat, masamba a timanambala aja muli nawo?"

"Iii achimwene, amenewo ndiye abwino! Alibe nkhope ya munthu aliyense, umasuta wopanda mantha. Kapena mwayamba kusuta nanu?"

"Mukusuta nyumba yanga, akuluakulu. Bweretsani!"

A Moffat anavula chipewa natulutsamo tizidutswa. Kena anali atapichira kale fodya, kali kukhutu. Isake anakamasula, fodya n'kumwazika, a Moffat akudandaula. Anagwada pa msewu n'kulumikiza tizidutswato mpaka manambala anaoneka: 79, 76, 74. Pansi panali pataboka.

"Gulitsani, bwana," anatero atalowa mu ofesi.

"Iwe wolephera JC? Masheya amenewa anagula ndi bambo anga!"

"Za magetsi sindizidziwa, bwana. Koma nkhokwe ikabooka pansi, chimanga sichibwereramo chokha."

Bwanayo anayandikiza pepalalo kumaso kwa nthawi yaitali. Kenaka analemba telegalamu yogulitsa masheyawo. "Mtengowu ukakwera, iwe ukwera lole," anatero.

Milungu iwiri yotsatira inali ngati chaka. Joice anamanga mbale ndi mapoto m'chitenje, n'kumamasula chokhacho chophikira tsikulo. Galimoto iliyonse ikalira ku geti, Isake ankathamangira kukaona ngati mtolo wafika.

Mtolo utafika, Isake anaulandira yekha a Moffat asanaununkhize. Anatsata manambala ndi chala mpaka tsamba lomaliza. Panalembedwa 61.

Tsiku lomwelo Joice anamasula chitenje chonse. Patapita zaka zisanu, Isake anali kalaliki wamkulu wa esiteti, ndipo a masatifiketi ankagogoda asanalowe mu ofesi yake.

Abale anga, mayeso akhoza kukukanani kawiri, koma maso anu ndi chilungamo chanu palibe angakulandeni. Pamene simukudziwa, musaganizire. Nyamukani mukafufuze, ngakhale zitanthauze kugwada m'fumbi anthu akuseka. Mtima wokhawo musautaye, tsiku lanu lili m'njira.