Perlita ndi Matabwa a mu Holo Yathu

Inu amene mukuti mwalakwitsa kwambiri moti simungadzukenso, tamverani za Perlita Magsino. Iyeyu analakwitsa pamaso pa anthu zikwi zitatu.

Anabwera pa yunivesite yathu kuno kuchigawo cha Bikol ngati wophunzira, koma mayeso a chaka choyamba anamugwetsa. Kubwerera kumudzi anachita nako manyazi. Anapempha ntchito yosesa mu holo ya basiketibolo, chifukwa wantchito wa pasukuluyi amaloledwa kutenga maphunziro awiri pa teremu kwaulere. Ntchito ikatha, sukulu nayo yathera pomwepo.

Holoyo anaimanga ansembe kalekale, ndipo matabwa a pansi anapereka ndi mabanja a m'tauni muno, awa khumi, awa awiri. Mayeso, misa, magule, zonse zimachitikira momwemo, ngakhale tonse timadziwa kuti mwini nyumba ndi mpira.

Sabata yake yoyamba, kutatsala tsiku limodzi kuti tisewere ndi koleji ya kutsidya kwa mtsinje, Perlita anaona matabwawo ali mbuu. Kwathu kuno pansi pa nyumba sipaoneka choncho anthu ali moyo. Anapaka polishi bwalo lonse, n'kuponda khoko la kokonati, n'kumakwecha ndi phazi monga amachitira amayi ake. Bwalo linawala ngati galasi.

Ine ndinali pa benchi ya osewera oyembekezera tsiku limenelo, malo anga a masiku onse. Wezulo itangolira, osewera anayamba kugwa ngati oledzera. Kapiteni wathu anabinya mwendo, masewera anaimitsidwa, ndipo chipambano anapatsa alendo.

"Wapaka zimenezi ndani?" kochi anafunsa mwaukali. "Mukuyesa muno ndi pabalaza pa azakhali anu?"

"Ndine, bwana," anatero Perlita. "Ndimati paoneke bwino."

"Paonekadi. Nyamula katundu wako."

Pamenepo analowererapo Mang Ambo, bambo wachikulire woyang'anira holoyo, amene anakhoma nawo matabwawo pomanga. "Bwana kochi, ine ndakalambira muno, koma munthu wokwecha bwalo lonseli yekha ndi phazi limodzi sindinamuonepo. Mphamvu ali nazo. Nzeru ndimupatsa ine."

Kochi anamusiya pantchito, koma anthu dzina anamupatsa. Kulikonse kumene wadutsa, ophunzira ankakuwa kuti "Mayi Polishi", ndipo ndivomere kuti ine ndinali m'gulu la okuwawo. Zinkamupweteka kwambiri. Komabe m'mawa uliwonse ankapezeka pantchito.

Mang Ambo anamuphunzitsa kuti thabwa limapuma, limamwa chinyezi, ndipo limadana ndi changu. Anamuphunzitsa kuyenda bwalo lonse akunjanjitsa mpira, khutu lili tcheru. Pamene mpira walira mogontha, pansi pake pali vuto. Perlita ankatero mamawa, masana n'kuthamangira m'kalasi manja akununkha sopo. Masamu anawalephera kawiri, kachitatu anakhoza.

Zinatha zaka khumi. Mang Ambo anamwalira, makiyi anatsala kwa Perlita. Atatsala ndi teremu imodzi kuti amalize digiri, kunabwera namondwe woopsa. Mabanja mazana anayi anathawira mu holoyo, mphepo inasasula mbali ina ya denga, ndipo madzi anakhala pa matabwa masiku atatu. Matabwa anatupa n'kupindika.

Akuluakulu a sukulu anagamula msanga: matabwa azulidwe, pathiridwe simenti, kusesa apatsidwe a kampani. Perlita anadziwa kuti ntchito yake ikupita, ndipo digiri ikupita nayo limodzi. Anakagogoda kwa injiniya wa sukulu, bambo Obusan.

"Bwana, matabwa aja sanafe. Ndipatseni masabata asanu ndi limodzi."

"Mayi, ine ndinaphunzira zimenezi zaka zisanu. Inu munaphunzira kuti?"

"Pa matabwa omwewo, bwana, zaka khumi. Mudzabwere ndi mpira. Mukadzamva malo amodzi olira mogontha, simentiyo ndidzakusakanizirani ndine."

Bambo Obusan anaseka, n'kuvomera. Simenti inali yosowa m'tauni monse pa nthawiyo, ndiye sankataya kanthu.

Perlita analemba nambala pa thabwa lililonse asanalizule. Mabanja amene anathawira mu holoyo anabwera kudzathandiza osaitanidwa, poti kwathu kuno denga limene lakusunga sulisiya likugwa. Atanyamula matabwa, anayamba kuwayala pamsewu padzuwa, mmene timayanikira mpunga.

"Bwezani, abale anga," anatero Perlita. "Si mpunga umenewo. Dzuwa liwang'amba."

"Nanga auma liti, Mayi Polishi?" anafunsa bambo wina.

"Akafuna okha. Inu ingonyamulani."

Anawasanja pamthunzi, timitengo pakati kuti mphepo izidutsa, miyala pamwamba kuti awongoke. Tsiku lililonse ankawatembenuza. Anthu ena anatopa n'kusiya, ena anati mayiyu wazungulira mutu. Sabata yachisanu anayamba kukhoma, thabwa lililonse pa nambala yake.

Tsiku litakwana, bambo Obusan anabweradi ndi mpira. Anayenda kuchokera ku golo ina kukafika ku ina akunjanjitsa, anthu akuonerera m'mbali. Anabwerera, n'kuyendanso chopingasa. Analowa m'makona monse ngati munthu wofuna ndewu. Kenako anaima pakati, thukuta lili kamukamu.

"Mayi Magsino," anatero, "simenti ija tikamangira zimbudzi."

Miyezi inayi itadutsa, mwambo wolandira madigiri unachitikira mu holo yomweyo. Mipando anayala ndi Perlita mamawa, kenako anakavala mkanjo wake. Dzina lake litaitanidwa, holo yonse inaimirira, ife okuwa aja amene tinabwera kudzaonerera tili momwemo, ena tikupukuta misozi. Lero ndiye mkulu woyang'anira nyumba zonse za masewera pa yunivesite yathu, ndipo makochi amagogoda asanalowe mu ofesi mwake.

Ndiye inu amene mwagwa anthu akuona, ndipo mukuganiza zothawa kuti asakuoneninso, musathawe. Khalani pomwepo, funsani amene akudziwa, phunzirani ntchitoyo mpaka muidziwe kuposa okusekaniwo. Zitenga nthawi, mwina zaka khumi. Mtima wokhawo musautaye, mawa mulawirire.