Chaka Chimene Amalume Anasesa Holo

Makiyi a minibasi ya mpingo wathu ankalendewera pa kasitima kapamadzi kachitsulo kooneka ngati kamba, ka minga kumsana. Amalume anapatsidwa kasitimako ndi mnzawo wa ku Korea amene ankanyamula naye makatoni ku Coolock, ndipo kanabwera ndi nkhani yake.

Ndinali nditangofika kumene kunja kuno, ku Mulhuddart, milomo ikung'ambika ndi chisanu. Sukulu sindinapite nayo patali, koma nkhaniyo ndinaisunga. Kale ku Korea kunali mkulu wa asilikali apanyanja amene ankagonjetsa adani ndi zombo zooneka ngati kamba m'timipata ta pakati pa zilumba. Tsiku lina mfumu inamulamula kuti akakumane nawo poyera. Iye anakana, poona kuti ndi msampha. Anamumanga, kumukwapula, n'kumuvula udindo kuti akhale msilikali wamba wovala zoyera. Wolowa m'malo mwake anataya zombo pafupifupi zonse, mfumu n'kumuitananso mkulu uja.

Nyengo yozizira imeneyo kunagwa sinowo, misewu n'kumaterera ngati therere. Akuluakulu ampingo anati ana akwaya tipitebe kumsonkhano ku Cork. Amalume, amene ankatiyendetsa, anaimirira pamaso pa onse.

"Abusa, ana a eni ake sindiwayendetsa pa ayisi. Makiyi anu ndi awa."

Anamasula kasitima kaja, n'kuika m'thumba.

Akuluakulu aja anawachotsa amalume pa udikoni, n'kuwapatsa tsache la muholo imene tinkabwereka popemphera. Amayi anawachonderera kuti akapepese, poti kunja kuno mpingo ndiwo mudzi: ndiwo umakupezera pogona, ndiwo umatumiza maliro ako kwanu. Amalume anasita malaya oyera n'kupita kukasesa. Ndimakumbukirabe fungo la mankhwala okolopera, ndi anzanga akundinena m'Chingerezi kuti ndine mphwake wa kilina. Lero ndili ndi khanda langa kumsana, ndipo wofuna kunena kuti amalume analakwa abwere adzandiuze pamaso.

Minibasi inapita ndi dalaivala wina, ine amayi anandiletsa. Ndinkadikira zija za m'nkhani, kuti akuluakulu abwere kwathu zipewa zili m'manja. Koma Lamlungu inabwerako bwinobwino, ana akuimba. Palibe anawaitana amalume, chaka chimenecho kapena china chilichonse, ndipo iwonso sanapepese. Nditawafunsa kuti nanga ife tapambana pati, anangoti atawapatsanso makiyi tsiku ngati lija, adzakananso.

Zimenezo ndinazimva. Chimene chinandisokoneza ndi cha pakhomo la holo masana aja. Minibasi itaima, amalume, munthu amene anali atangoonetsedwa kuti ankaopa pachabe, anaponya tsache pansi, kuthamanga pa sinowo ndi malaya okha, n'kumagwira mutu wa mwana aliyense wotsika, akuseka mpaka misozi. Ine ndinaima pakhomo nditakwiya, osadziwa chomwe akusangalalira.