Mbiri ya Mlongo Wanga Ndinaiwerenga Ine

Ndinadzuka kusanache pansi pa mtengo wa mango pamene tinachezera amuna. M'nyumba ya siwa amayi a kumpingo ankaimbabe, mawu atasasa. Kunali chiperoni. Nkhuni zinanyowa, moto wa ophika unkangofuka utsi. Adzukulu ananyamuka ndi makasu awo.

M'thumba ndinali ndi pepala la mbiri ya malemu, mlongo wanga wamng'ono. Dzulo lake atsibweni anandiuza kuti ndikangonena kuti anadwala masiku atatu ndipo achipatala anayesetsa. Ndinawayankha kuti bodza limenelo akanene okha.

Mlongo wangayo ankatupa thupi lonse akabayidwa jakisoni wa penisilini. Zinalembedwa ndi inki yofiira m'buku lake lakale la kuchipatala. Litadzaza anagula lina, lakalelo n'kutsala kunyumba. Atagonekedwa m'chipatala palibe anafunsa za zimenezi. Mkazi wanga, amene ankamudikirira, anayesa kunena, nesi n'kumuyankha kuti, "Mayi, dokotala ndinu?" Nesiyo anabaya jakisoni uja. Ola lisanathe, mlongo wanga anatisiya.

Kutacha anthu anayamba kuchuluka, ena pa kabaza kuchokera ku Njuli, ena wapansi, matope ali m'miyendo. Pakati pa amayi panakhala mtsikana wina atafunda chitenje kumutu. Mkazi wanga anandinong'oneza kuti nesi uja ndi ameneyo. Abale ena anali atalawa kale kachasu, ankangodikira kuti wina aloze chala.

Nthawi ya mbiri itakwana ndinaimirira, pepala lili m'manja. Ndinanena zonse, za buku, za jakisoni, ndi mawu a nesi aja. Atsibweni anatsokomola kawiri. Bambo wina kumbuyo anafunsa mokweza kuti anabayayo ndani. Mtsikana uja anawerama. Chala changa chinkayabwa, ndinachilowetsa m'thumba. Ndinati m'wodi monse munali nesi mmodzi, odwala ena atagona pansi, ndipo chimene ndikufuna ine si munthu woti timenye. Ndikufuna kuti asanabaye azifunsa, komanso wodikirira wodwala akalankhula azimumvera. Panamveka kung'ung'udza, koma palibe anadzuka.

Tinanyamula bokosi mvula ikuwaza. Njira ya kumanda inali yoterera, onyamula ankasinthana pafupipafupi. Pobwerera mtsikanayo anandigwadira m'mbali mwa munda wa nandolo.

"Bambo, ndinalemba zonse mmene zinachitikira, ndi mawu anga omwe. Akuluakulu a chipatala akumana Lolemba. Akazi anu abwere adzanene okha. Ndikakhala ndekha angondisamutsa, nkhani n'kuthera pomwepo."

Ndinamulambalala n'kupitiriza ulendo. Ndikanatsegula pakamwa ndikanatukwana.

Madzulo anthu anabalalika, mabenchi anabwezedwa kutchalitchi. M'nyumba munangoti zii. Nditamufotokozera mkazi wanga zimene ananena nesi uja, anakhala pamphasa, kenako anati, "Lolemba ndipita. Koma inu mukandidikire panja, mungakawononge zinthu."

Ndinafuna kukana. Ndinatuluka kukaona ngati matayala a njinga ali ndi mpweya.